Anatilembetsa ku Yankhani Awiri

Tsiku limene Ababa anavomera kuti Wamtali abwere kunyumba ndi akwawo, ndinaganiza kuti mavuto anga atha. Sindinadziwe kuti wodzagumula zonse ndi Wamtali yemweyo, ndipo adzagumula akumwetulira, akuyesa kuti wandibweretsera mphatso.

Wamtali ndi chibwenzi changa. Ntchito yake ndi yoboola zitsime, ndiye amatha miyezi ali kutchire ndi makina ake, kugona m'tenti, kumalo koti foni imagwira pokhapokha ukakwera pachulu. Ababa ankamukana chifukwa cha zomwezo. "Munthu wopanda adiresi," ankatero. "Ukadzadwala ndidzamuitanira kuti, kudzenje?" Ndinawanyengerera mpaka kukamwa kuuma, Amayi nawo akuthirirapo mawu, kufikira tsiku lina Ababa akumwa tiyi anangoti, "Muuze abwere Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Avale nsapato."

Ngati ndinu wamkulu pang'ono, Ababa anga mukuwadziwa. Ndi aja ankatchedwa a Mafunso, amene ankayendetsa pulogalamu ya pa TV ya Yankhani Awiri. Anaisiya kalekale atakwiya, ndipo m'nyumba mwathu dzina la pulogalamuyo limaonedwa ngati mawu otukwana.

*

Wamtali atabwerako kutchire tinakumana pa kalesitilanti ka kuseri kwa siteji ya basi. Timakonda pamenepo chifukwa mwini wake sathamangitsa anthu ogula botolo limodzi n'kukhala masana onse. Ndinamuuza za Loweruka lija, iye n'kuwomba m'manja ngati kamwana.

"Ndiye zagwirizana bwino," anatero. "Nanenso ndili ndi nkhani. Tsinzina."

"Sinditsinzina. Nena."

"Ndatilembetsa ku Yankhani Awiri."

Ndinaika botolo pansi pang'onopang'ono, kuopa kumugenda nalo.

"Wati chiyani?"

"Pulogalamu ya bambo ako! Ndikutsika basi ndinamva nyimbo ija, yomwe ija ya malipenga, ikulira pagalimoto ya a TV. Ankalemba maina a anthu ofuna kukwatirana. Ndinati apa ndiye Mulungu wandionetsa njira. Bambo ako akadzationa takhala pabenchi paja, tikunong'onezana, tikuyankha limodzi, adzadziwa kuti ntchito yawo ine ndimailemekeza. Ngakhale tilephere, wotchi ya pakhoma ija tidzawapatsa iwowo."

"Wamtali, TV unaonera liti komaliza?"

Anadzikanda m'mutu. "Mpira ndimaonera."

"Ndikunena Yankhani Awiri."

"Ndili mwana. Tinkaonera pawindo la aneba titaponda njerwa. Koma ndikukumbukira zonse, ngakhale belu lija."

"Unawauza kuti ndine mwana wa ndani?"

"Nanga chinthu chonyaditsa ndikanabisa bwanji? Ndinawapatsanso chithunzi chathu chija. Anasangalala bwanji! Wina mpaka anathamangira kuseri kwa galimoto kukaimba foni."

Benchi limene ankanenalo analidula ndi macheka ine ndili ku sekondale.

Poyamba pulogalamuyo inali yoti ungaonere uli ndi apongozi ako. Mwamuna ndi mkazi ankakhala pabenchi limodzi, Ababa n'kufunsa za nyenyezi, za mafupa a m'thupi, za mitsinje ya maiko akutali. Awiriwo ankanong'onezana mpaka belu lilire, kenako n'kuyankhira pamodzi. Lamulo lalikulu linali lakuti wina akayankha yekha, ngakhale akhoze, yankholo sankaliwerengera. Ababa ankati akuyesa banja, osati mutu. Olephera ankawagwira chanza n'kuwapatsabe wotchi.

Kenako kunabwera mabwana atsopano amene anati anthu akuodzera. Anadula benchi lija, pakati n'kuimikapo thabwa kuti awiriwo asaonane, ndipo za mitsinje zinathera pomwepo. Anayamba kufunsa kuti mkazi wako amavala nsapato saizi yanji. Ababa anang'ung'udza koma anapirira. Chaka china anachotsa belu n'kupachika ndowa kudenga, yoti ukalakwa ikukhuthulire madzi a utoto. Ababa anapirirabe, ngakhale ankabwera kunyumba nsapato zili biriwiri. Sipanapite nthawi, anati oonera kunyumba azivota pafoni kuti banjalo lipitirire kapena lithe, ngati kuti ukwati wa munthu ndi mpikisano wa oimba. Koma tsiku limene anawapatsa foni ya mtsikana wina kuti awerenge mauthenga ake mokweza pamaso pa chibwenzi chake, Ababa anaika foniyo pansi n'kutuluka, kamera ikujambula. Zimene sanasinthe anthu aja ndi dzina ndi nyimbo basi, ndipo ndi zomwezo zinakola Wamtali wanga.

Ndinamufotokozera zonsezi, koma ndinaona kuti sakukhulupirira. Ndiye ndinatulutsa foni n'kumuonetsa pulogalamu ya sabata yapitayo. Bambo wina anali atakhala pampando, utoto ukuyenderera mpaka m'makutu. Kumbuyo kwake kunali chitseko chachikasu, chimene anawonjezera Ababa atachoka. Chitsekocho chinatseguka, kunatuluka mkazi atabereka mwana, ndipo gulu lonse linayamba kukuwa, "Wagwidwa! Wagwidwa!" Mkazi weniweni wa bamboyo ankalira kuseri kwa thabwa, kamera itamuyandikira mpaka kuonetsa mamina.

Wamtali anaonera kukamwa kuli yasa.

"Kodi apolisi akuzidziwa zimenezi?"

"Apolisiwo amavota nawo."

"Nanga uyu akusekayu, wa mano ngati matailosi a m'bafa, ndi ndani?"

"Amamutcha Mano Oyera. Ndiye akuyendetsa pulogalamuyo pano. Kale ankanyamulira Ababa makadi a mafunso."

Sindinamuuze kuti Mano Oyera anandifunsirapo, kuti anazungulira pageti pathu chaka chathunthu atadzithira perefyumu yoti agalu ankayetsemula. Ndinamukana, ndiye sindinaone chifukwa chofukulira za kale.

"Basi tikawauze kuti tasintha maganizo," Wamtali anatero.

"Ukuona ngati ndi zophweka? Kuli lamulo la Othawa, labwera chaka chatha. Ukapanda kupita amaika chithunzi chako pampando, chitseko chachikasu n'kuchitsegulabe. Wotulukamo amalankhula zonse zimene akufuna, iwe kulibe woyankha. Pomaliza amakhuthulira utoto pachithunzicho."

Anandigwira dzanja, ine n'kulichotsa. Ndinkamukondabe, koma masana amenewo ngakhale mzere wa simbi pamalaya ake unkandinyansa.

*

Ndinkafuna ndiwauze Ababa ndekha, ndikasankha mawu abwino. A TV anandipitirira.

Amayi ali ndi kachinsinsi kawo kamene aliyense m'nyumba amakadziwa kupatula mwini nyumba. Ababa akatuluka kukawongola miyendo madzulo, Amayi amayatsa Yankhani Awiri motsitsa mawu, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, rimoti ili m'manja. Amaonera akupukusa mutu kuti "Dziko latha," koma saphonya ngakhale tsiku limodzi. Tsiku limenelo kunayamba kuwaza mvula, Ababa n'kubwerera panjira. Amayi podzidzimuka anadina batani lokweza mawu m'malo mwa lozimitsa.

Nyimbo ya malipenga inadzaza nyumba yonse. Pa TV panabwera chithunzi changa ndi Wamtali, chija tinajambulitsa titatsamira galimoto ya eni ake. Kenako anaonetsa kanema wakale wa Ababa ali ndi tsitsi lonse, akuliza belu. Mawu a Mano Oyera anamveka pamwamba pake: "Bambo ake anathawa pulogalamu ino. Kodi mwana wawo alimba? Lachisanu likudzali, musasunthe!"

Ababa anaima pakhomo, ambulera ikudontha madzi pakapeti.

"Iwe mwana," anatero. "Ndi nkhope yako imeneyo?"

"Ndi yanga, Ababa. Koma sanadziwe. Ankaganiza kuti ikadali ya benchi ija, ankafuna kukulemekezani."

"Kundilemekeza! Munthu amene amatha kudziwa madzi ali pansi pa thanthwe, walephera kudziwa nyansi zili pamwamba pa tebulo? Asa! Ine ndinatuluka m'chimbudzi muja n'kusamba m'manja, lero mwana wanga akulowamo ndi miyendo yonse."

"Bambo, tsitsani mtima," Amayi anatero. "Mnyamatayo walakwa mosadziwa."

"Inunso TV yayaka yokha?"

Amayi anabisa rimoti pansi pa pilo ngati kuti sitinaione tonse.

"Tamvera," Ababa anandiloza ndi ambulera. "Wokumba maenje wakoyo akangoponda mu situdiyo muja, pakhomo panga asadzaponde. Loweruka lija mulifufute. Ndamaliza."

Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Patapita kanthawi anatsegula pang'ono, n'kutulutsa mutu wokha.

"Kanema wakale uja amutenga kuti? Tayi ija inali yofiira, iwo aionetsa ngati yabulauni. Abwerezanso nthawi yanji?"

Ine ndinapita kukhitchini, Amayi n'kunditsatira.

"Ndakhala ndikuseka ana a eni ake," ananong'ona akutsuka kapu yoyera kale. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma tamva mwana wanga, ine abambo ako ndimawadziwa. Mukapita akwiya. Mukathawa, iwo n'kuona dzina lawo likuthiridwa utoto, adzafa ndi manyazi ndipo sadzamukhululukira mnyamatayo mpaka kumanda. Mkwiyo umaphwa, manyazi saphwa. Pitani mukaime bwino, za Loweruka mundisiyire ine."

*

Tsiku lotsatira foni yanga inalira, kunali uthenga. Nambala yachilendo, koma kalembedwe ndinakazindikira, kanali ka Mano Oyera.

"Mwana wa aphunzitsi anga, wasowa. Ndaona wapeza wamtali. Kodi kutalika n'kumene ndinalephera?"

Ndisanaike n'komwe foni pansi, unabwera uthenga wina.

"Kuseri kwa chitseko chachikasu kuli munthu woti ukamuona udzakomoka. Ndikukumvera chisoni. Koma ine mtima wanga ndi wabwino. Tidye limodzi chakudya chamasana, awiriwiri, pulogalamuyo ndiithetsa ndi foni imodzi."

Ndinalemba kuti, "Kuli bwino ndimwe madzi a m'ndowa mwako muja."

"Ukali wako uja sunathe," anayankha, n'kuikapo tinkhope toseka mzere wathunthu. "Ndimaukonda. Tionana Lachisanu."

Ndinapukuta foni ndi nsalu ngati yagwera m'ngalande. Koma mawu ake anandilowa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anali atakhala pamkhate wanga. Ndani ali kuseri kwa chitseko? Munthu wokhala miyezi kutchire, amamuphikira ndani? Amamuchapira ndani malaya aja?

Ndinamupeza Wamtali kunyumba kwa mkulu wake, atakhala pakhonde akupukuta nsapato zatsopano zimene anagulira Loweruka.

"Ndiuze pano ndisakamvere pa TV," ndinatero ndisanakhale n'komwe. "Atuluke pachitseko paja ndi ndani?"

"Sindikudziwa."

"Ganiza bwino. Kumene mwakhala mukuboola konseko, kunalibe akazi?"

"Akazi analiko, nanga madziwo timaboolera ndani?"

"Usandiseke, Wamtali, ndakwiya."

Anaika nsapato pansi. "Chabwino. Kuli mayi wina amene ankatiphikira kumene tinali chaka chatha. Ankandiwonjezera ndiwo kuposa anzanga. Tsiku lochoka analira."

"Analira! Ukuti analira?"

"Ndi wamkulu kuposa amayi ako, ali ndi zidzukulu. Ankati ndimafanana ndi mwana wake amene anamwalira."

"Wina?"

"Ndili kusukulu ndinalemberapo mtsikana wina kalata. Anaibweza atakonza masipelo ndi cholembera chofiira."

Ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira. Nsanje ndi matenda oipa, ukayamba kukanda sufuna kusiya.

"Amuna nonse mumatero. Bambo wa sabata yatha uja nayenso analumbira kuti alibe wina, mpaka mwana anatuluka ali kumsana."

"Ndiye ukundiyeza ndi ameneuja?" Mawu ake anatsika, ndipo ndinadziwa kuti ndamubaya. "Ine ndalakwa kulembetsa, ndavomera. Ndine chitsiru. Koma pulogalamuyi sitinafikeko n'komwe, taona yatiikira kale thabwa pakati. Ngati ukufuna tisapite, tisapite. Chithunzi changa achithire utoto, ine kutchire kulibe ondiseka."

"Nanga ine? Nanga Ababa? Ife timakhala pakati pa anthu."

"Ndiye tipite. Koma aliyense wotuluka pachitseko paja, iwe udzayang'ane ine."

Ndinamuyang'ana. Anali ndi polishi pamphuno. Ndinamupukuta ndi chala, koma sindinamuuze kuti ndamukhululukira, ndiponso za mauthenga aja ndinangozimeza.

*

Lachisanu m'mawa ndinadzuka Ababa atatuluka kale. Amayi anati apita kukameta.

"Waona?" anandikodola. "Munthu wofufuta Loweruka amameta Lachisanu? Mtima wayamba kufewa umenewo."

Ndinanyamuka ndi kachiyembekezo kameneko. Kanathera pakhomo la situdiyo.

Pa TV malo aja amaoneka ngati nyumba ya mfumu yakunja, koma kuseri kwake ndi makatoni, mawaya ndi fungo la mopu yosauma. Pansi pankamata nsapato chifukwa cha utoto wa anthu amene analira pamenepo ife tisanabwere. Ndinaona ndi maso anga bambo wina akusakaniza madzi a m'ndowa ndi ndodo ya tsache, ndudu ili pakamwa, phulusa likugweramo. Mayi wopaka anthu paudala anandipaka ndi kasiponji kamene kanali katayenda kale pankhope za anthu ena osawerengeka.

"Ukafuna kulira uziyang'ana kumanzere," anandilangiza mokoma mtima. "Kumeneko ndi kumene kumaoneka bwino."

Oonerera anali atakhala kale m'mizere, ndipo mkulu wina wa zikwangwani ankawaphunzitsa. Akakweza cholembedwa kuti SEKANI, ankaseka. Akakweza cha KUWANI, ankakuwa. Anthu akuluakulu, ena a imvi, kuyeserera kukuwiza munthu amene sanamuone n'komwe. Ndinkaganiza kuti anthu amakuwa chifukwa chokhudzidwa, osadziwa kuti ngakhale nkhanza zake n'zochita kuphunzira.

Mafoni athu anawatsekera m'kabokosi ka galasi. Kenako perefyumu ija inafika, mwini wake akubwera pambuyo. Mano Oyera anamugwira chanza Wamtali kwa nthawi yaitali, akumuyeza kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Achimwene, mwachita bwino kubwera. Mwatibweretsera chimene takhala tikuchifuna zaka zonsezi."

"Zikomo," Wamtali anayankha, poti iye ulemu sausiya ngakhale kwa fisi.

Ine Mano Oyera anangondiphethirira diso limodzi n'kumapita.

*

Anatikhazika pamipando iwiri, thabwa lili pakati, aliyense ndowa yake ikulendewera pamutu. Magetsi ankaotcha ngati simbi. Nyimbo ya malipenga inalira, ndipo ndinakumbuka ndili wamng'ono ndikuvina nyimboyo pabalaza, ndikuuza ana a aneba kuti awo ndi Ababa anga. Tsopano inkamveka ngati munthu wakuba wavala malaya a m'bale wako.

"Funso loyamba lipite kwa mwamuna," Mano Oyera anatero, mano ali mbee. "Achimwene, tiuzeni, mtsikana ali kuseri kwa thabwayu anakuuzani za amuna onse amene anamufunapo? Inde kapena ayi?"

Kuseri kwa thabwa ndinamva mpando ukukwekwereka pansi. Ndinangoona Wamtali watulukira, atanyamula mpando wake ndi dzanja limodzi, n'kuuika pafupi ndi wanga mpaka mapewa kugundana.

"Achimwene, mukupita kuti?"

"Tikufuna tinong'onezane kaye."

Wa zikwangwani anakweza cha SEKANI, anthu n'kuseka.

"Lamulo limenelo linatha kalekale, achimwene. Bwererani kumalo kwanu."

"Ine ndinalembetsa ku Yankhani Awiri," Wamtali anatero, osakweza mawu. "Dzinalo simunasinthe. Tili awiri, tiyankha awiri."

Anaweramira kukhutu kwanga n'kunong'ona, "Tiyankhe kuti chiyani?"

"Khala chete, chitsiru iwe," ndinanong'ona, misozi ili m'maso. Pa nthawi imeneyo ndikanamukwatira ngakhale pansi pa ndowa pomwepo.

Ndowayo sinachedwe. Mano Oyera anakweza chala, madzi n'kutikhuthukira tonse awiri, khuu! Anali ozizira, onunkha ndudu ndi tsache, ndipo analowa m'kamwa mwanga. Wamtali anandiphimba mutu ndi mkono wake mochedwa. Chikwangwani cha KUWANI chinakwezedwa, koma okuwa anali ochepa. Kumbuyo mayi wina wachikulire anayamba kuwomba m'manja yekha, ena angapo n'kumutsatira, mpaka wa zikwangwani anawayang'ana moopseza.

Ndinaganiza kuti tapambana. Ndinaganiza kuti Ababa akadzamva zimene wachita Wamtali, pamaso pa dziko lonse, adzamutsegulira geti okha.

Mano Oyera sanatekeseke. Anadikira kuti phokoso lithe, n'kuyenda mpaka kutsogolo.

"Achimwenewa amakonda malamulo akale," anatero. "Ndiye ndiwasangalatse ndi latsopano. Inu oonera kunyumba mwavota zaka zambiri, lero zala zipume. Kuyambira lero, wogamula ngati awiri akwatirane kapena asiyane ndi kholo la mtsikana. Tikuutcha Mpando wa Kholo!"

Kumanja kwa siteji kunali katani yakuda imene ndinkayesa kuti ikubisa makatoni. Inatseguka.

Ababa anali atakhala pampando waukulu wagolide wa pulasitiki, atavala suti, nkhope ili mbuu ndi paudala yemwe uja. Patsogolo pawo panali katebulo ka mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Gulu linaimirira lokha popanda chikwangwani. "A Mafunso! A Mafunso!" Ndipo Ababa anga, amene anati anasamba m'manja, amene anatcha malo ano chimbudzi, anakweza dzanja n'kuwabayibitsa, akumwetulira mpaka m'makutu.

Ndinalavula utoto umene unali m'kamwa. Sindikudziwa ngati unali utoto wokha umene unkandiwawa.

"Malamulo ndi awa," Mano Oyera anapitiriza. "Kholo likadina lobiriwira, awiriwa apite ndi madalitso. Likadina lofiira, chibwenzi chathera pano, ndipo mtsikana atuluka mu situdiyo muno ndi amene waima pachitseko chachikasu, kamera zathu zikuwatsatira. Tsegulani chitseko!"

Ndinagwira dzanja la Wamtali n'kuyang'ana iye, monga anandiuzira. Koma iye ankayang'ana kuchitseko, nkhope itasokonezeka.

"Mulibe munthu," ananong'ona.

Ndinacheuka. Munalibedi munthu.

"Mulibe munthu chifukwa munthuyo akadali pano," Mano Oyera anatero, dzanja lili pachifuwa. "Abale anga, ine ndinakonda mtsikana uyu achimwenewa asanadziwe n'komwe njira ya kwawo. Chaka chathunthu ndili pageti pawo. Ngakhale sabata ino takhala tikulemberana, foni yake ili m'bokosi umo, mudzamva nokha. Lero sindingakhale wofunsa mafunso pamlandu wanga womwe."

Anayenda mpaka pampando wagolide uja, n'kugwada bondo limodzi, n'kuwapatsa maikolofoni ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, pulogalamu yanu nayi. Kuyambira lero ndi yanunso."

Anadzuka, n'kudzisasa pabondo, n'kukaima pachitseko chachikasu atapinda manja.

Dzanja la Wamtali linafooka m'dzanja langa.

"Iwe," anatero pansipansi. "Munthuyu umamudziwa? Mwakhala mukulemberana?"

"Ndikufotokozera, si mmene akunenera."

"Unandifunsa za gogo wophika. Unandifunsa za kalata ya kusukulu. Iwe uli chete ndi zimenezi?"

Sanabweze mpando wake kuseri kwa thabwa, koma dzanja lake analichotsa n'kuliika pabondo pake. Ndinatembenukira kwa munthu yekhayo amene akanatha kuthetsa zonsezi ndi chala chimodzi.

"Ababa!" ndinakuwa. "Ababa, ndine!"

Sanacheuke. Maikolofoni ija anali ataifumbata, maso akusakasaka kamera imene yayaka. Ataipeza anawongola msana, n'kukonza tayi.

"Moni nonse kunyumbako," anatero, ndi mawu amene sindinawamve kwa zaka zambiri. "Ndabwerera."

Dzanja lawo linalo linatsika pang'onopang'ono, n'kukagona pambali pa batani lofiira.